Galimoto ya mawaya: luso la manja lofuna kholo pafupi

Sukulu zikatsekera, m'midzi ndi m'makwalala a matauni athu simulephera kupezeka mwana woyendetsa galimoto ya mawaya, dzanja lili pa chiwongolero chachitali, injini ikulirira pakamwa. Akuluakulu ambiri timangoti ndi masewera a ana. Ena timapsa nazo mtima chifukwa mahang'ala atha m'nyumba ndipo waya woyanikapo zovala wafupika mosadziwika bwino.

Ife amene timayenda m'makomo kukambirana ndi mabanja za umoyo timaona mbali ziwiri za masewera amenewa. Timaona mwana amene satha kukhala pansi mphindi zisanu atakhala maola awiri ali phee, akupinda waya mpaka ufanane ndi chitseko cha minibasi. Timaonanso zala zobaidwa, maso ofiira, ndi thina wosungidwa m'botolo la chakumwa pamalo pofikira kamwana kokwawa. Makolo ena akaona zimenezi amangoletseratu. Ife tikuti musaletse, chifukwa luso limeneli ndi lalikulu kuposa mmene timalionera. Chofunika n'chakuti wamkulu akhale pafupi, adziwe mmene ntchitoyo imayendera ndi pamene pali ngozi.

Si kwathu kuno kokha

Kupanga ndi kusunga timagalimoto tofanana ndi enieni ndi chizolowezi cha anthu ambiri padziko lapansi, ana ndi akulu omwe. Mu 1953 kampani ya Lesney ya ku London inayamba kugulitsa timagalimoto tachitsulo totchedwa Matchbox, tomwe tinkaikidwa m'timabokosi tofanana ndi ta machesi. Mu 1968 kampani ya Mattel ya ku America inatulutsa ta Hot Wheels, timene mpaka lero timapezeka m'masitolo ngakhale pakati pa zidole za pa kaunjika. Mumzinda wa Shizuoka ku Japan muli kampani ya Tamiya, imene imagulitsa galimoto yosamanga: m'bokosi mumakhala tizidutswa tapulasitiki tambirimbiri, ndipo wogula amadula yekha, kumata ndi kupaka utoto potsatira chithunzi. Alipo madokotala, aphunzitsi ndi agogo opuma pantchito amene amatha milungu ingapo pa kagalimoto kamodzi kotere.

Kwathu kuno bokosi lotere silipezekapezeka, ndipo likapezeka mtengo wake ndi wa ndiwo za masiku ambiri. Koma mwana wathu amachita chovuta kuposa pamenepo, chifukwa alibe chithunzi chotsatira kapena zidutswa zodulidwa kale. Amayang'ana lole yodutsa pamsewu, n'kuisunga m'mutu, n'kuitulutsa ndi zala. Luso limeneli linadziwika mpaka kunja. Mu 1990 ku America kunatuluka buku la ana lotchedwa Galimoto, lolembedwa ndi Karen Lynn Williams amene anakhalapo kuno ku Malawi. Limasimba za mnyamata wa m'mudzi wina wa kuno amene akusakasaka mawaya kuti apange yake. M'misewu ya Johannesburg ndi Cape Town muli amisiri amene amadyetsa mabanja awo pogulitsa magalimoto a mawaya ndi mikanda kwa alendo. Ngakhale pa mndandanda wa maluso amene ana a Pathfinder amaphunzira pali la Model Cars.

Masamu obisika m'tayala

Chimene chimasiyanitsa chidole wamba ndi kagalimoto kofanana ndi keniyeni ndi sikelo. Pano sitikunena sikelo yoyezera nyemba kumsika, koma muyezo wochepetsera chinthu, monga uja timauona m'munsi mwa mapu. Mukaona palembedwa 1:24, ndiye kuti sentimita imodzi pa kagalimotoko ikuimira masentimita 24 pa galimoto yeniyeni. Timagalimoto tambiri ta Hot Wheels ndi ta pafupifupi 1:64, n'chifukwa chake timakwana m'chikhatho. Ta m'mabokosi tomanga wekha nthawi zambiri timakhala ta 1:24, ndipo tikuluakulu tosunga m'kabati ndi ta 1:18.

Tiyeni titenge minibasi ya Toyota Hiace, yomwe tonse timaidziwa. Yaifupi ija ndi yotalika pafupifupi mamita 4.7, m'lifupi mamita 1.7, ndipo kuchoka pansi kufika padenga ndi pafupifupi mamita 2. Tayala lake, kuyeza modutsa pakati, ndi pafupifupi masentimita 70. Mukafuna kuipanga pa sikelo ya 1:10, mungogawa chilichonse ndi 10: kutalika masentimita 47, m'lifupi 17, msinkhu 20, tayala 7. Umenewu ndiwo msinkhu wabwino wa galimoto ya mawaya yoyendetsa ndi chiwongolero, ndipo kugawa ndi 10 n'kosavuta ngakhale kwa mwana wa Sitandade 4.

Mukafuna ya 1:24, minibasi yomweyo ikhala yotalika pafupifupi masentimita 20, ndipo tayala lake pafupifupi masentimita 3. Yezani chitsekerero chachitsulo cha botolo la chakumwa, muona kuti ndi chapafupifupi pomwepo. Apa ndi pamene pali yankho la funso limene limasautsa ana ambiri: n'chifukwa chiyani galimoto yanga sikuoneka ngati yeniyeni? Kawirikawiri vuto ndi matayala. Zitsekerero zikaikidwa pa galimoto yaitali ngati mkono, imaoneka ngati njovu ya miyendo ya mbuzi. Lamulo lake n'lakuti yambani mwapeza matayala, muwayeze, kenako muwerengere kukula kwa thupi kuchokera pa matayalawo.

Ngati kufupi ndi kwanu kuli galimoto, pemphani mwiniwake kuti muiyeze ndi tepi kapena chingwe itaima, injini itazimitsidwa. Mwana alembe yekha manambala m'kope, agawe yekha, ajambule mbali ya galimotoyo pa katoni. Masamu amene amamuvuta pa bolodi amalowa mosavuta akakhala kuti yankho lake aligwira m'manja.

Kumanga kwake

Zida zake si zambiri: pulayala, rula, pensulo, msomali woboolera, ndi mwala wosalala kapena tupa yosalazira nsonga. Pamafunika waya wa mitundu iwiri. Wokhuthala, monga wa mahang'ala akutha kapena zotsala za waya wa mpanda, ndi wa chimango. Wopyapyala ndi womangira m'mfundo. Masipoko a njinga akutha ndi abwino ponyamula matayala chifukwa ndi owongoka ndiponso olimba. Malegeni, mphira zodula ku chubu chakutha zija, amamanga mfundo zolimba ndipo amabisa nsonga zobaya.

Yambani ndi pansi pa galimoto, chifukwa pakapotoka pamenepo china chilichonse chipotoka. Kenako pindani mbali ziwiri potsatira chojambula cha pa katoni chija, ndipo muzisanjike kuti muone ngati zikufanana musanazilumikize. Pofuna kupinda mozungulira, monga pamwamba pa tayala, kulungani waya pa botolo kapena pa mpini. Matayala angachokere ku zitini za polishi, zivundikiro za mabotolo akukamwa kwakukulu, kapena masilipasi akutha oduladula mozungulira. Bowo likhale pakati penipeni. Kuti mupeze pakatipo, dulani pepala lozungulira lofanana ndi tayala, lipindeni kawiri, ndipo pamene mizere yakumana ndi pomwepo.

Chiwongolero ndi pamene mmisiri amadziwikira. Njira yosavuta ndi yomangirira matayala onse akutsogolo pa waya umodzi wopingasa umene umazungulira pakati. Imagwira ntchito, koma galimoto yotere imagudubuzika ikakhota mwamphamvu. Njira ya akatswiri ndi yofanana ndi ya galimoto yeniyeni: tayala lililonse limatembenukira pa kamsomali kake, lili ndi kamkono kakafupi kumbuyo kwake, ndipo timikono tiwirito timalumikizidwa ndi waya wina umene amakaniko amautchula kuti tie rod. Chiwongolero chikakankha waya umenewu, matayala onse awiri amatembenuka limodzi.

Pali chinsinsi china chimene mungamuonetse mwana pa fumbi. Galimoto ikamakhota, tayala la m'kati limalemba kamzere kozungulira kakang'ono kuposa la kunja, choncho liyenera kutembenuka kwambiri kuposa linzake. Kuti zimenezi zitheke, timikono tija tisakhale towongoka, koma tipendekere pang'ono m'kati ngati tikuloza pakati pa matayala akumbuyo. Nzeru imeneyi inayambira pa ngolo zokokedwa ndi akavalo, ndipo inalembetsedwa ku England mu 1818 m'dzina la Rudolph Ackermann. Mpaka lero ophunzira za umakaniko amaiphunzira ndi dzina lomwelo. Siitheka tsiku limodzi. Mwana amamasula n'kumanganso kangapo, ndipo pamenepo ndi pamene amaphunzira kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kuipatsa nkhope yake

Galimoto ikayenda, chotsatira ndi kuikongoletsa kuti ikhale ya mwiniwake. Ena amaiveka thupi la katoni kapena la zitini, mawindo a pulasitiki yoonekera yodula ku botolo, mipando ya siponji, nambala yakutsogolo ndi yakumbuyo, ngakhale mawu aja amalembedwa kumbuyo kwa maminibasi. Zitini zodula zimacheka ngati lezala, choncho wamkulu ndiye adule ndipo m'mphepete monse mupindidwe.

Amene ali ndi timagalimoto tachitsulo togula angathenso kutisintha. Kawirikawiri thupi ndi pansi pake zimagwiridwa ndi timisomali timodzi kapena tiwiri tophwanyidwa mutu. Wamkulu akaboola mituyo, kagalimotoko kamatseguka, ndipo mutha kusintha matayala, kuwongola waya wopindika ndi kupaka utoto watsopano. Utoto umakhala bwino mukapaka wochepa kawiri kapena katatu, kudikira kuti uume kaye, kusiyana ndi kuunjika kamodzi. Koma pa utoto pomwepa ndi pamene tiyenera kuyamba kukamba za ngozi.

Utoto ndi mtovu

Mtovu ndi chitsulo cholemera, chofewa, chimene chimapezeka m'mabatire a galimoto ndi mu waya wina wowotcherera zinthu zamagetsi. Umapezekanso mu utoto wina wa mafuta, makamaka wowala kwambiri wachikasu, wofiira ndi wonga lalanje, komanso pa zidole zina zakale. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti palibe mulingo wa mtovu m'magazi umene umadziwika kuti ndi wosavulaza. Thupi la mwana wamng'ono limayamwa mtovu wochuluka kangapo kuposa la wamkulu, ndipo mwana wosadya mokwanira amayamwa wochuluka koposa. Umawononga ubongo umene ukukula, umachepetsa magazi, ndipo nthawi zambiri suonetsa chizindikiro chilichonse poyamba. Mwana amangoyamba kutsalira m'kalasi. Kwa mayi woyembekezera, mtovu umafika mpaka kwa mwana wosabadwa.

Utoto wowala uja ungakhale chikomekome cha mkuyu. Musapatse ana zotsala za utoto zimene simukudziwa kumene zachokera. Sankhani wosungunula ndi madzi, ndipo werengani zolembedwa pa chitini. Mukamachotsa utoto wakale, nyowetsani sandipepa kuti fumbi lisauluke, chitirani panja, ndipo mwana wamng'ono ndi mayi woyembekezera akhale kutali. Batire la galimoto lisaphwanyidwe pakhomo pofuna chitsulo cholemeretsa. Galimoto ya mawaya sifuna kuwotcherera konse, popeza mfundo ya waya ndi malegeni imakwana. Ndipo poti nsima timadya ndi manja, aliyense asambe m'manja ndi sopo akamaliza ntchito, asanakhudze chakudya.

Waya, maso ndi kafumbata

Funso loyamba kwa mwana wobwera ndi waya likhale lakuti wautenga kuti. Waya wa pa mtengo wamagetsi, wa pa thiransifoma kapena wogwera pansi mphepo itawomba asaukhudze ngakhale akuoneka wakufa. Wa pa mpanda wa eni ake ndi kuba, ndipo umadanitsa anthu oyandikana. Kuwotcha waya pamoto kuti pulasitiki yake ichoke kumatulutsa utsi woipa m'mapapo, makamaka kwa ana a mphumu. Pitani naye nokha kwa wokonza njinga kapena kwa owotcherera zitsulo mukapemphe zotsala. Potero mwana amaphunziranso kupempha mwaulemu.

Podula waya, kachidutswa kamathamanga ngati mwala wa legeni. Nsonga iloze pansi, dzanja lina ligwire mbali yodukayo, ndipo oonerera asayandikize nkhope. Magalasi otchinga maso, ngati alipo, avalidwe. Nsonga iliyonse isalazidwe kapena ipindidwe ngati mbedza yotseka. Chiwongolero chifike m'chiuno mwa mwana ndipo kumapeto kwake kukhale kozungulira, kokulungidwa ndi malegeni, chifukwa galimoto ikagunda mwala mwana akuthamanga, waya wowongoka umabaya pamimba kapena pankhope.

Kanthu kakalowa m'diso, mwana asatikite. Ngati ndi fumbi, tsukani ndi madzi oyera ambiri. Ngati waya wabaya diso kapena kachitsulo kakanirira, musakachotse nokha. Phimbani diso mosapanikiza, monga ndi kapu yoyera yaing'ono, ndipo thamangirani kuchipatala.

Ambiri timaganiza kuti kafumbata amachokera ku dzimbiri. Zoona zake n'zakuti tizilombo take timakhala m'dothi ndi m'ndowe za ziweto, ndipo waya wotoledwa pansi ndiwo umatilowetsa m'thupi. Timakonda bala lakuya, la kamwa laling'ono, longa la waya kapena msomali. Matendawa amayamba pakapita masiku 3 mpaka 21, kawirikawiri ndi kuuma nsagwada, ndipo amapha. Katemera amene makanda amalandira pa masabata 6, 10 ndi 14 amateteza ku kafumbata, koma mphamvu yake imachepa zaka zikamapita. Mwana akabaidwa, tsukani bala ndi sopo ndi madzi oyera othira mowolowa manja. Musathirepo dothi, phulusa kapena mafuta a galimoto. Bala likakhala lakuya kapena lakuda, pitani kuchipatala tsiku lomwelo mutatenga buku lake la zaumoyo, kuti akaone ngati pakufunika katemera wina.

Guluu, thina ndi timabatire

Guluu womatira pulasitiki ndi thina zimatulutsa mpweya umene umapweteketsa mutu ndi kuchititsa chizungulire, komanso zimagwira moto msanga. Zigwiritsidwe ntchito pakhonde kapena pansi pa mtengo, kutali ndi mbaula, kandulo ndi koloboyi. Zisungidwe m'chitini chake, pamwamba, osati m'botolo la chakumwa. Mwana akamwa thina kapena parafini musamusanzitse, chifukwa pobwerera zimalowa m'mapapo. Mutengereni kuchipatala msanga pamodzi ndi botololo. Guluu wouma msanga uja akamata zala, musazikoke. Ziviikeni m'madzi ofunda a sopo, zidzalekana pang'onopang'ono.

Ana ambiri masiku ano amaika magetsi pa magalimoto awo pogwiritsa ntchito timabatire tozungulira tonga ndalama yachitsulo. Kamodzi kokha kakamezedwa n'kukakamira kummero kamatha kuwotcha m'kati m'maola awiri okha, mwana akuoneka ngati ali bwinobwino. Musadikire kuti katuluka kokha, pitani kuchipatala nthawi yomweyo. Ndi bwino kugwiritsa ntchito mabatire akuluakulu a tochi, omangidwa bwino. Mikanda, timatayala ndi tizidutswa tonse tikhale kutali ndi ana osakwana zaka 3, amene chilichonse amachiyesa ndi pakamwa.

Malo a kholo

Zonsezi zikaikidwa pamodzi zingaoneke zambiri, koma zimakwana m'bokosi limodzi ndi malamulo ochepa. Pezani katoni kapena chitini chokhala ndi chivundikiro chosungiramo zida. Sankhani malo amodzi ogwirira ntchito, owala bwino, ndipo akamaliza asese tizidutswa ta waya, poti ana ambiri amayenda opanda nsapato. Gwirizanani nthawi yake, monga Lamlungu masana ntchito za pakhomo ndi za kusukulu zikatha. Ngati mwasankha kugula timagalimoto ta m'sitolo, ikani malire, chifukwa chizolowezi chosonkhanitsa chimadya ndalama mwakachetechete, ngakhale kwa bambo wamkulu.

Atsikana asatsalire. Palibe chilichonse m'kuyeza, kupinda ndi kumanga chimene chimafuna kuti munthu akhale mnyamata, ndipo mtsikana amene wazolowera rula ndi pulayala sadzaopa masamu kapena ntchito zaumisiri. Agogo nawo ali ndi malo. Ambiri a iwo ankapanga magalimoto a mapesi, a dongo ndi a zitsononkho waya asanachuluke, ndipo ntchito ya zala yotere imawathandiza kukhala pakati pa adzukulu m'malo mokhala okha.

Chovuta kwambiri kwa ife akuluakulu ndi kusalanda ntchitoyo. Mwana akamavutika ndi tayala lopendama, dzanja limayabwa kuti tingomukonzera. Gawo lathu ndi kudula zolimba, kuboola, kusunga thina ndi kufunsa mafunso: ukuganiza kuti likukhula pati? Ukanayeza kuchokera apa zikanatani? Galimoto yopotoka imene mwana wamanga yekha imamuphunzitsa zambiri kuposa yowongoka imene bambo amumangira.

Ndipo pali phindu lina limene ife timalimva kwa makolo amene ayesapo. Mwana amene safuna kuyankha mukamufunsa maso ndi maso amayamba kulankhula yekha manja akakhala pa ntchito, inu muli pambali pake mwagwira mbali ina ya waya. Za mnzake womuvutitsa kusukulu, za phunziro limene lamukanika, za zimene waona pa foni ya anzake, zimatuluka nthawi yotereyo. Sabata ino funsani mwana wanu galimoto imene angakonde kupanga, mupeze matayala anayi ofanana, muyambire pamenepo.